KUSANKHA NJIRA YOZIZIRITSIRA NSOMBA M'BOTI

Phunziro lathu la sayansi lero likutitengera ku nyanja. Ambiri a inu mumadya nsomba, koma ndi ocepa amene anaganizapo za ulendo umene nsombayo imayenda kucokera mu ukonde kufikira m'mbale. Kucokera ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, kukafika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Kucokera ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, pali makilomita opitirira 1,000. Koma gawo loopsa koposa la ulendowu ndi maola oyamba aja, nsomba ikali m'boti pakati pa nyanja, dzuwa likuomba.

Msodzi amacezera usiku wonse pamadzi. Wagula mafuta a injini, wasoka maukonde, ndipo kunyumba ana akuyembekezera ndalama za mabuku ndi yunifomu. Akafika padooko nsomba zitayamba kununkha, ogula amamunenerera mtengo wacabe, mwinanso amazikana. Zikagulidwa, banja limene lazidya likhoza kudwala m'mimba. Motero funso lakuti nsomba tiziziziritse bwanji m'boti ndi funso la cakudya, la umoyo ndiponso la cuma ca banja.

CIFUKWA CAKE NSOMBA IMAOLA

Pakhungu la nsomba iri yonse, m'matumbo mwake ndiponso m'malo amene imapumira m'mbali mwa mutu, mumakhala tizilombo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya. Nsomba ikali yamoyo, thupi lake limatiletsa kulowa mu mnofu. Ikangofa, tizilomboti timayamba kudya mnofuwo ndi kuswana. Timakonda malo ofunda. M'cigwa ca Zambezi mwezi wa Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo nsomba yosiyidwa pansi m'boti nthawi zambiri imaonongeka maola 12 asanathe. Nsomba yomweyo ikatumbulidwa, kutsukidwa ndi kusungidwa pa madigiri 0, imakhala bwino sabata imodzi kapena ziwiri. Ikaumitsidwa gwa pa madigiri 18 kunsi kwa 0, imatha miyezi. Kuzizira sikupha tizilombo tonse ai. Kumangoticititsa ulesi, kuti tisaswane msanga.

Makolo athu anali ndi njira zao zogonjetsera tizilomboti: kuwamba pamoto, kuthira mcere ndi kuyanika padzuwa. Amene mwadutsapo pa mlatho wa Luangwa, pa mseu wopita ku Chipata, mwaziona nsomba zouma zimene zimagulitsidwa pamenepo. Njirazi ndi zabwino kufikira lero. Koma amene afuna kugulitsa nsomba yaiwisi, imene anthu a m'tauni amaikonda, ayenera kuiziziritsa.

FIRIJI SIPANGA KUZIZIRA

Tsopano cherani khutu, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro lonse. Palibe makina amene amapanga kuzizira. Cimene firiji imacita ndi kucotsa kutentha m'kati mwa bokosi ndi kukakutaya kunja. Kutentha nthawi zonse kumayenda kucokera pofunda kupita pozizira, monga madzi amatsikira kumunsi. Bokosi lozizira limene liri m'boti padzuwa likufanana ndi bwato lobooka: kutentha kumalowa kosalekeza, ndipo nchito ya makina ndi kukupa. Munthu wanzeru akaona bwato likulowa madzi sathamangira kukagula cikho cacikulu cokupira. Amayamba wamata pobooka. Comweconso wosankha njira yoziziritsira nsomba ayambe waganizira za bokosi, makina pambuyo.

Bokosi labwino limakhala ndi zipupa ziwiri, ca kunja ndi ca m'kati, ndipo pakati pake amaikapo zinthu zimene kutentha kumabvutika kudutsamo. Zabwino koposa ndi thobvu lolimba lochedwa polyurethane, kapena thobvu loyera lopepuka lija amachinjirizira wailesi yatsopano m'katoni, lochedwa polystyrene. Kuno kwathu kotentha, thobvuli likhale locindikala masentimita 8 kapena 10. Kumene kulibe zimenezi, utuci wa matabwa kapena mankhusu a mpunga amathandiza, malinga akhale ouma ndi ocindikala koposerapo, pakuti akanyowa mphamvu yao imatha. Cinsinsi ca zonsezi ndi mpweya wotsekeredwa m'timipata tating'ono, umene sulola kutentha kudutsa msanga.

Cibvundikiro cikhale pamwamba, osati citseko ca m'mbali. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda. Mukatsekula citseko ca m'mbali umakhuthukira pansi monga madzi, koma m'bokosi lotsekulira pamwamba umakhazikika momwemo. Bokosilo lipakidwe utoto woyera, likhale pamthunzi, kutali ndi injini, ndipo lisamatsekulidwe popanda cifukwa.

MAFUNSO ANAI

Bokosi likakonzeka, mwini boti adzifunse mafunso anai. Loyamba: kodi boti limakhala pamadzi nthawi yaitali bwanji, usiku umodzi kapena masiku angapo? Laciwiri: kodi ndi katundu wocuruka motani amene afunika kuzizira, ndipo amabwera pang'onopang'ono kapena wonse nthawi imodzi? Lacitatu: kodi mphamvu yoyendetsera makina idzacokera kuti? Lacinai: makinawo akaonongeka, kodi ndani adzawakonza, ndipo zitsulo zake zimapezeka pafupi? Tiyeni tione njira zinai zoziziritsira, tikumayesa iri yonse ndi mafunso amenewa.

NJIRA YOYAMBA: AYEZI

Madzi oundana, amene ambiri timawachula kuti ayezi, ali ndi mphamvu yodabwitsa. Ayezi akamasungunuka amameza kutentha kocuruka, komabe iye mwini amakhalabe pa madigiri 0 kufikira atasungunuka yense. Kilogiramu imodzi ya ayezi imameza kutentha kumene kungatsitse kilogiramu imodzi ya madzi ndi madigiri 80.

Ana a Giredi 6 ndi 7, tengani mapensulo. Popeza mbali yaikuru ya thupi la nsomba ndi madzi, tikhoza kuwerengera motere. Msodzi wagwira makilogiramu 100 a nsomba, ndipo zaturuka m'madzi ziri pa madigiri 25. Afuna kuzitsitsa kufika pa 0. Curukitsani 100 ndi 25, mupeza 2,500. Gawani 2,500 ndi 80. Mupeza 31 ndi kakotsala. Ndiye kuti makilogiramu pafupifupi 31 a ayezi angathere pa kuziziritsa nsombazo cabe. Koma ayezi wina amasungunuka panjira, cifukwa ca kutentha kolowa m'bokosi. Ndico cifukwa cake m'maiko otentha alangizi amati kilogiramu imodzi ya nsomba iyendere limodzi ndi kilogiramu imodzi ya ayezi.

Ayezi aphwanyidwe bwino kuti akhudze nsomba iri yonse. Muyambe ndi ayezi pansi, kenaka nsomba, ayezinso, nsombanso, ndipo pamwamba mutsirize ndi ayezi. Pansi pa bokosi pakhale kabowo koturutsira madzi osungunuka, kuti nsomba zisabire m'madzi a magazi. Ayeziyo akhale wopangidwa ndi madzi abwino akumwa. Njira imeneyi sifuna magetsi m'boti, ndipo iribe citsulo cimene cingathyoke. Bvuto lake ndi lakuti ayezi ndi wolemera, amadya malo, amatha pakapita masiku ocepa, ndipo ayenera kugulidwa pafupi ndi dooko.

NJIRA YACIWIRI: FIRIJI YA KOMPURESA

Nyowetsani cala canu ndi madzi, ndipo muciuzire mpweya. Mukumva kuzizira, si conco? Madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kwa cala. Ndi cifukwa comweco madzi a mumtsuko wadothi amazizira. Tsopano kumbukirani pampu ya njinga: mukapopa kwa kanthawi, kumapeto kwake kumatentha, cifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha. Firiji ya kompuresa imagwiritsa nchito mfundo ziwiri zimenezi.

M'mapaipi mwake mumazungulira gasi wapadera. M'kati mwa bokosi gasiyo amafika ali ngati madzi, ndipo amasanduka nthunzi, kumeza kutentha kwa zosungidwazo. Pampu yochedwa kompuresa imakoka nthunziyo ndi kuipanikiza kufikira itatentha. Kenaka imadutsa m'mapaipi a kunja kwa bokosi, kumene imataya kutenthako ndi kusandukanso madzi, ndi kubwerera m'bokosi. Munthu wa ku America dzina lake Jacob Perkins analembetsa makina a mtundu umenewu ku London mu 1834. Mu 1882 sitima ya pamadzi yochedwa Dunedin inanyamula nyama youmitsidwa ndi makina oziziritsa kucokera ku New Zealand mpaka ku London, ulendo wa miyezi yoposa itatu, ndipo nyamayo inafika iri yabwino. Kuyambira pamenepo maiko anadziwa kuti cakudya caciwisi cikhoza kuoloka nyanja.

Kompuresa imafuna mphamvu, ndipo m'boti mphamvuyo imacokera kuwiri. Kwina ndi ku batire la mavoliti 12, longa la galimoto. Tiyerekeze kuti firiji yaing'ono imakoka ma-amp 4 ikamalira, ndipo pa tsiku imalira maola 12. Curukitsani 4 ndi 12. Mupeza ma-amp-hour 48. Batire la mtobvu ndi asidi la ma-amp-hour 100 siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ai limafa msanga. Taonani tsono, firiji imodzi yaing'ono yatha mphamvu yonse imene batirelo lingapereke pa tsiku. Pafunika sola kapena injini yolibwezera mphamvu tsiku ndi tsiku, ndiponso batire lina lapadera loyatsira injini, kuti boti lisadzagone pakati pa nyanja cifukwa ca firiji. Bokosi likakhala lopyapyala, kompuresa imalira usana ndi usiku, ndipo ciwerengero cija cimawirikiza kawiri.

Kwina ndi ku injini ya boti yeniyeniyo, imene imazunguza kompuresa ndi lamba. Njira iyi ndi yamphamvu zedi, ndipo kawirikawiri imayendera limodzi ndi cithanki cophwathalala ca citsulo coikidwa m'bokosi, codzaza ndi madzi osakaniza ndi mcere kapena mankhwala ena. Injini ikalira ola limodzi kapena awiri, madziwo amaundana, ndipo tsiku lonse amasungunuka pang'onopang'ono akumameza kutentha. Tinganene kuti botilo ladzipangira ayezi wake amene sataika. Koma izi zimatheka m'boti la injini ya dizilo yokhala m'kati. Injini yopacika kumbuyo, yonga ya maboti ochedwa banana, iribe poika lamba.

Pali cinanso coyenera kusankha: kodi kutentha kotaidwako kupite kuti? Makina ena amakutaya mu mpweya, ndipo amafuna malo opita mphepo. Mukawatsekera m'kabati amalema ndi kudya magetsi. Ena amakutaya m'madzi a m'nyanja, amene masana amakhala ozizira kuposa mpweya. Awa amagwira bwino nchito kotentha, koma paipi yokokera madzi imatsekeka ndi udzu wa m'madzi kapena matope, motero imafuna kuyang'aniridwa.

Tsopano nayi mfundo imene ogula ambiri amaiphonya. Firiji yaing'ono ya batire inapangidwira kusunga zinthu zozizira kale: mkaka, mankhwala, ndiwo za apaulendo. Mukaiunjikira makilogiramu 100 a nsomba zofunda, ingatenge koposa tsiku lathunthu kuti izitsitse kufika pa madigiri 0, ndipo za pakati zidzakhala zitaola kale. Ayezi amacita nchito yomweyo m'maola ocepa cabe, cifukwa amakhudza nsomba iri yonse. Firiji ya m'nyumba nayonso siyenera m'boti laling'ono: imafuna magetsi a mavoliti 230, imatsekulira m'mbali, ndipo cinyezi cimaidyetsa dzimbiri.

NJIRA YACITATU NDI YACINAI

Aphunzitsi ambiri mukukumbukira firiji ya palafini, imene kale inali kusunga katemera m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Iribe kompuresa, kamoto kakang'ono ndiko kamayendetsa madzi ndi gasi m'mapaipi mwake. Anaitulukira ana a sukulu yaukacenjede awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, mu 1922. Pamtunda ndi yabwino, koma imafuna kuima cilili, osapendekeka, kuti za m'mapaipi ziyende bwino. Boti limene lapendekeka ndi katundu kapena likukankhidwa ndi mafunde silingaipatse zimenezo. Coopsa koposa ndi lawi la moto pafupi ndi zigubu za petulo. M'boti la asodzi firiji imeneyi isalowe.

Njira yacinai ndi timabokosi tija ta m'galimoto, timene tiribe kompuresa kapena gasi. Timagwira nchito ndi mfundo imene Jean Peltier wa ku France anaipeza mu 1834, yakuti magetsi akadutsa polumikizana zitsulo ziwiri zosiyana, mbali imodzi imazizira ndipo ina imatentha. Timabokositi ndi totsika mtengo, koma timatsitsa kutentha ndi madigiri 15 kapena 20 okha kucokera pa mmene kunja kuliri. Kunja kukakhala 35, m'kati mukhala 15 kapena 20. Botolo la madzi akumwa lizizirako, koma tizilombo ta mu nsomba tipitiriza nchito yake.

TIYENI TISANKHE

Tiyeni tiyerekeze maboti atatu. Loyamba ndi la msodzi wa kapenta pa Kariba. Kansomba kameneka anakatenga ku nyanja ya Tanganyika ndi kukathira mu Kariba mu 1967 ndi 1968. Amakagwira usiku, pokakopa ndi nyali, ndipo m'mawa amakayanika pa thandala. Ulendo wake ndi wa usiku umodzi, nthawi yozizira, ndipo kapenta wambiri amagulitsidwa wouma. Msodzi ameneyu cimene afunika ndi kufika kumtunda msanga, dzuwa lisanakwere. Kugula makina kungakhale kutaya ndalama m'madzi.

Laciwiri ndi boti la injini yopacika kumbuyo, limene limazungulira m'misasa ya asodzi pa nyanja ya Mweru kapena Bangweulu, kugula nsomba zaziwisi ndi kubwerera patapita masiku awiri kapena atatu. Katundu ndi wambiri, amabwera wofunda, ndipo mphamvu ya magetsi palibe. Yankho ndi bokosi locindikala ndi ayezi wokwanira. Ngati ayezi sapezeka pafupi, kuli bwino eni maboti agwirizane, aike makina opangira ayezi kumtunda kumene kuli magetsi ndi okonza, koposa kuti ali yense adzigulire firiji yake. Paja mutu umodzi susenza denga.

Lacitatu ndi boti lalikuru la injini ya dizilo, longa aja onyamula alendo pa Kariba, limene limatha sabata pamadzi. Ili likhoza kukhala ndi kompuresa, pakuti mphamvu iripo, malo alipo, ndipo zosungidwa zambiri zimalowa zitazizira kale.

Maboti atatu, mayankho atatu. Njira yabwino ndi imene ikugwirizana ndi ulendo, katundu, mphamvu ndi wokonza, ngakhale itakhala yotsika mtengo koposa zonse. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wogula firiji wagulanso batire, sola, mawaya ndi malipiro a makaniko. Amene saziwerengera zimenezi amatsala ndi ngongole, ndi firiji yakufa imene asungiramo maukonde.

Amene asankha kompuresa afunsenso dzina la gasi wake. Mafiriji akale anali ndi gasi wochedwa R12, amene anapezeka kuti amaononga mpweya wa kumwamba wochedwa ozoni, umene umatichinjiriza ku ceza coopsa ca dzuwa. Mu 1987 maiko anapangana ku Montreal, m'dziko la Canada, kuti aleke gasi wa mtundu umenewu. Firiji yakale ya R12, ngakhale aigulitse mochipa, njosayenera kugula. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R134a kapena R600a. Waciwiriyu amayaka moto, motero akonzedwe ndi munthu wophunzira nchitoyo. Wofuna uphungu apite kwa alangizi a Dipatimenti ya Nsomba, imene likulu lake liri ku Chilanga. Safunsa anadya phula.

KWA APHUNZITSI

Phunziro likatha, cititsani ana zoyesa izi. Tengani zidutswa ziwiri za ayezi zofanana kukula. Cimodzi muciike pambale, cina mucikulunge m'bulangeti louma. Musanayambe, afunseni ana kuti ndi citi cimene cisungunuke coyamba. Ambiri adzati ca m'bulangeti, cifukwa amadziwa kuti bulangeti limafunditsa. Akadzaona kuti ca pambale ndico catha msanga, afotokozereni kuti bulangeti liribe kutentha kwake. Limangochinga njira ya kutentha, kaya kukuturuka m'thupi la munthu, kaya kukulowa mu ayezi.

Kumene ayezi sapezeka, tungani madzi a pacitsime m'mamawa ndi kudzaza mabotolo awiri. Limodzi mulikwirire mu utuci kapena mankhusu ouma m'katoni, lina mulisiye poyera, ndipo onse awiri akhale padzuwa. Pakapita maola awiri ana akhudze madziwo ndi kulemba zimene apeza.

Pomaliza, ana ayankhe mafunso awa m'makope mwao:

1. Cifukwa ciani nsomba imaola msanga mwezi wa Okutobala kuposa mwezi wa Juni?
2. Msodzi wagwira makilogiramu 160 a nsomba ziri pa madigiri 25. Kodi ndi ayezi wocuruka bwanji amene angathere pa kuzitsitsa kufika pa 0?
3. Cifukwa ciani bokosi la nsomba liyenera kutsekulira pamwamba?
4. Chulani zifukwa ziwiri zimene firiji ya palafini siyenera m'boti la asodzi.
5. Cifukwa ciani tiyenera kuganizira za bokosi tisanaganizire za makina?

Ana inu amene makolo anu ndi asodzi kapena ogulitsa nsomba, mukafika kunyumba mukaone bokosi limene amasungiramo nsomba. Mukayese kucindikala kwa zipupa zake ndi rula, mukaone ngati liri ndi kabowo koturutsira madzi, ndipo mawa mudzauze aphunzitsi ndi anzanu zimene mwapeza.